Musandifunse za 5kVA

Lachiwiri lapitali, ndisanamalize n'komwe kusesa pakhomo pa shopu yanga pa Ginnery Corner, panaima kagalimoto ka hayala. Munatsika mayi ena a ku Bangwe, ndipo anyamata awiri anayamba kutsitsa mabatire, anayi onse. Sindinachite kufuna mita kuti ndidziwe kuti apa maliro anachitika kale. Awiri anali atatupa m'mbali ngati mbuzi yodya chinangwa, pamitu pake pali tiufa toyera, fungo lake la dzira lowola.

"Amisiri, sola imeneyi yandidyera ndalama," anatero mayiwo. "Chaka sichinathe. Anandiuza kuti ndi ya 5kVA, iyatsa chilichonse m'nyumba."

Mayiwa amagulitsa nkhuku zoyera ndi nsomba. Ali ndi mafiriji awiri akuluakulu ogona aja, ndipo anaika sola atatopa ndi kutaya katundu magetsi akazima. Tsopano nkhuku zikuwolabe, ngongole ya kubanki m'khonde ikuwadikira. Amene anawaikirayo foni yake siikupezekanso.

Mawu akuti 5kVA amenewa ndatopa nawo. Pa anthu amene amalowa mu shopu muno, ambiri amayamba ndi nambala imeneyi ngati moni. Wina anaimva kwa mnzake wa kuntchito, wina anaiona pa Facebook. Amaganiza kuti nambalayo ikakula ndiye kuti sola yonse ndi yamphamvu, ndipo ogulitsa ena amadziwa kuti anthu amaganiza choncho, n'chifukwa chake amailemba ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni.

Nambala imeneyi ndi ya inveta basi. Inveta ndi kabokosi kaja kamene kamatenga magetsi a m'batire n'kuwasandutsa kuti afanane ndi a ESCOM, oti firiji ndi wayilesi ya kanema zigwiritse ntchito. Iko sikapanga magetsi, sikasunganso magetsi. Ife a ku Blantyre nkhani ya madzi timaidziwa bwino, ndiye tiyerekeze ndi madzi. Mapanelo a padenga ndi madzi amene akubwera. Batire ndi mgolo umene mumasungiramo madzi poopa kuti mpopi uuma. Inveta ndi kukula kwa kampopi kotungira pa mgolowo. Mukhoza kuika chimpopi chachikulu pa ndowa ya malita 20, madzi adzatuluka mwamkokomo ndithu, koma musanamalize kutsuka mbale ndowa yauma. Izi ndi zimene anawachita mayi a ku Bangwe aja.

Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a Sitandade 5. Yunitsi imene mumagula pa mita yolipiriratu ija ndi mawati 1,000 ogwira ntchito kwa ola limodzi. Batire lililonse la mayiwa linalembedwa 12V 100Ah. Mukachulukitsa 12 ndi 100 mupeza 1,200, kutanthauza yunitsi imodzi ndi kachidutswa. Anayi onse pamodzi ndi mayunitsi 4.8. Koma mabatire a mtovu amenewa, kaya a madzi kaya a jelo, ali ndi mwambo wake: simuyenera kuwakama kupitirira theka. Ife timati "depth of discharge", kunena kuti mwalitsitsa kufika pati. Mukamalitsitsa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, m'kati mwake mumayanga zoyera zija n'kuuma, ndipo batire limakalamba lisanakule. Choncho zimene mayiwa anali nazo zenizeni ndi mayunitsi 2.4 usiku wonse. Pamenepo pakhale mafiriji awiri, magetsi a panja, kanema, ndiponso mwana wawo wamkazi amene amasita yunifolomu m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Simbi yokha imadya mawati 1,000 kapena kuposa. Ketulo ndiye usanene, imafika 2,000. Inveta ya 5kVA zonsezi imazinyamula osadandaula. Amene ankalira ndi mabatire, mwakachetechete, kuseri kwa sofa.

Madzulo ake ndinapita nawo ku Bangwe kukaona padenga. Ndinapeza mapanelo awiri, lililonse kumbuyo kwake kuli kapepala kolembedwa 300W. Ndinatulutsa tepi yoyezera. Kutalika mita imodzi ndi pang'ono, mulifupi osafika masentimita 70. Ndinaseka ndekha padengapo, ngakhale kuti panalibe choseketsa. Dzuwa likawomba bwino, panelo yabwino ya masiku ano imapereka mawati pafupifupi 200 pa sikweya mita iliyonse. Kuti ipereke 300 iyenera kukhala pafupifupi sikweya mita imodzi ndi theka. Zija za 550W zimene mumaziona pa madenga a masukulu ndi zipatala ndi zazitali kuposa chitseko cha nyumba, munthu mmodzi amavutika kunyamula. Kapepala munthu akhoza kusindikiza kulikonse n'kumata. Kukula kwa galasi ndiye sikunamizika. Mukamapita kogula panelo, kaya ndi mu Limbe kaya m'tauni, tengani tepi m'thumba, osachita nazo manyazi.

Tingoyerekeza kuti mapanelowo anali enieni. Kuno kwathu dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola pafupifupi asanu pa tsiku, osati kuyambira kutuluka mpaka kulowa ayi. Mawati 600 kwa maola asanu ndi mayunitsi atatu, ndipo ena amatayika m'mawaya ndi m'kutentha. Mafiriji akudya masana omwewo. Chotsala choti chilowe m'batire n'chiyani? Mabatire aja chiwaikireni sanadzadzepo ngakhale tsiku limodzi. Ndiye kubwere chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, masiku atatu phiri la Ndirande osaoneka.

Komanso mapanelowo mmisiri uja anawayang'anitsa kummwera, chifukwa mbali imeneyo ndi imene makwerero ake anafikira. Ife tili kummwera kwa dziko lapansi, ndipo miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto. Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri pafupifupi 15, kutinso mvula izitsuka fumbi. Pansi pake pakhale mpata wa mphepo. Anthu ambiri amadabwa ndikawauza kuti panelo imadana ndi kutentha. Imafuna kuwala. Mukaigoneka pa malata otentha a mu Okutobala mphamvu yake imatsika.

Mwina mukufunsa kuti amisiri otere achokera kuti. Ine ndinawaona akubadwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga damu la ku Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo tinakhala mu mdima wa maola ambirimbiri kwa chaka ndi miyezi. Nthawi imeneyo aliyense wokhala ndi pulayala ndi sikuludiraiva anasanduka katswiri wa sola. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, katundu weniweni anakwera mtengo, ndipo msika unadzaza ndi katundu wa maina okongola koma wopepuka ngati chikwatu chopanda ndiwo. Sindikunena kuti aliyense amene anayamba nthawi imeneyo ndi wakuba. Ena ndi anyamata anzeru ndithu, ndipo awiri ndimagwira nawo ntchito. Koma ntchito imeneyi ili ndi moto m'kati. Waya wochepa pakati pa batire ndi inveta amatentha mpaka kusungunuka, ndipo ndaonapo siling'i itada bii chifukwa munthu anaona kuti fyuzi ndi yongotayitsa ndalama.

Mmisiri weniweni mudzamudziwa ndi mafunso ake. Mukamuimbira foni iye n'kukuuzani mtengo pompopompo asanaone nyumba yanu, dulani foniyo mwaulemu. Woyenera amabwera, amalowa mpaka kukhitchini, amawerenga timapepala ta kumbuyo kwa firiji, amafunsa kuti mumaphikira chiyani, ndani amatsala pakhomo masana, giza mumayatsa nthawi yanji. Amakwera padenga kuona ngati mtengo wa mango wa aneba suphimba dzuwa, chifukwa mthunzi wa nthambi imodzi umatha kufooketsa mzere wonse wa mapanelo. Ndipo nthawi zambiri amakuuzani zosakoma: kuti hotipuleti, giza ndi simbi zikhale pa ESCOM kapena muzigwiritse ntchito masana dzuwa lili pamutu, apo ayi muwonjezere ndalama kawiri kapena katatu. Makasitomala ena ndikawauza zimenezi amanyanyala n'kupita kwa amene awauze zokoma. Patapita miyezi ingapo amabwera ndi kagalimoto ka hayala.

Chimene ndimapempha munthu asanabwere kwa ine n'chaching'ono. Kwa sabata imodzi, lembani mayunitsi otsala pa mita yanu 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, makamaka masiku amene magetsi sanazime. Kapepala kameneko kadzatiuza zimene nyumba yanu imadya masana ndi zimene imadya usiku. Za usiku ndi zimene zimatiuza kukula kwa batire, za tsiku lonse zimatiuza kuchuluka kwa mapanelo. Inveta timasankha kumapeto.

Za mtundu wa batire anthu amafuna yankho limodzi, koma ndilibe. A lithium amadula pogula, koma mukhoza kuwatsitsa mpaka 80 peresenti kapena kuposerapo osawapweteka, ndipo amakhala zaka zambiri kuposa a mtovu. Ngati thumba likulola, ine ndimakankhira kumeneko, bola akhale enieni, chifukwa nawonso achinyengo alipo. Ngati silikulola, a jelo abwino amagwira ntchito mukawalemekeza. Koma batire la galimoto ayi, chonde. Linapangidwira kulizitsa injini kwa kamphindi, osati kukamidwa usiku wonse. Ndipo musasakanize lakale ndi latsopano, lakalelo limakoka mnzake.

Zotsalazi ndinena mothamanga, malo andithera. Funsani chiphaso cha MERA, bungwe limene limapereka zilolezo kwa oika magetsi, ndipo muchione ndi maso. Chiphaso sichitanthauza kuti munthuyo ndi mngelo, koma mumakhala ndi kokadandaula. Mtengo akulembereni papepala, chinthu chilichonse ndi dzina lake, kukula kwake ndi nambala yake, osati kungoti "sola yonse". Lisiti ndi pepala la galanti musunge, koma mufunse kuti chikawonongeka mukachibweze kwa ndani, pa shopu iti, chifukwa galanti ya zaka 25 ya fakitale ya ku China siithandiza ngati wokugulitsani wasamuka. Apempheni akuonetseni nyumba imene anaika zaka ziwiri zapitazo, mukacheze ndi eni ake. Musalipire ndalama zonse ntchito isanathe. Payenera kukhala waya wa "earth", uja wolowa pansi, ndi kachipangizo koteteza ku mphenzi, poti mvula ya kuno mukuidziwa. Ndipo ngati nyumba ili kale pa ESCOM, pakhale switchi yosinthira yolumikizidwa bwino, kuti magetsi anu asabwerere mu mawaya a mumsewu. Mnyamata wa ESCOM amene wakwera pa pholo akudziwa kuti wazimitsa, ndipo ali ndi ana kunyumba.

Mayi a ku Bangwe aja ndinawauza zoona, kuti inveta yawo ilibe mlandu ndipo tiisiya pomwepo, koma mapanelo ndi mabatire ayambirenso. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati firiji imodzi yokha ingatheke kaye. Ingatheke. Abweranso Lachitatu ndi kapepala kawo ka mayunitsi. Mabatire anayi aja adakali kuseri kwa shopu, akudikira ogula zitsulo zakutha.