Sitima si minibasi yodikira kuti idzaze

Tsiku lina ndikufika pantchito 6 koloko m'mawa, ndinapeza mayi wina wa kwathu atakhala pa sutikesi panja pa geti, adzukulu awiri atawafunditsa chitenje. Atamva ndikulankhula Chichewa pafoni anandikodola. "Achimwene, sitimayo si iyo yaima apoyo? Nanga bwanji sakutilowetsa?" Ndinawayankha kuti, "Mayi, m'zipinda zanuzo mudakali anthu, ena sanadzuke n'komwe."

Ndimagwira ntchito yolandira anthu okwera sitima zikuluzikulu zoyenda nazo kokasangalala, pa doko la Durban. Nyengo yathu imayamba cha mu Novembala n'kutha cha mu Epulo, ndipo maulendo ambiri amakhala a masiku atatu kapena anayi, opita ku Portuguese Island kapena ku Pomene, m'dziko la Mozambique. Abale okhala ku Joni akandiimbira foni, funso limakhala lomwelomwelo: tifike nthawi yanji?

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti sitima imene mukwere masana ndi yomweyo imene yakocheza m'mamawa ndi anthu oposa 2,000. Onsewo ayambe atsika, katundu wawo atulutsidwe, mapasipoti awo aonedwe. Akatero, anyamata ndi atsikana a m'sitimamo amalowa chipinda ndi chipinda kusintha zofunda ndi kukolopa. Kumbali inayo malole akutsitsa ndiwo, zipatso ndi zakumwa, zinyalala za ulendo wathawo zikutuluka. Zonsezi ziyenera kutheka m'maola ochepa. Munthu wofika mbandakucha sapindula kanthu: amangopsa ndi dzuwa, ndipo chinyontho cha Durban mu Januwale sichisewera.

N'chifukwa chake pa tikiti pamalembedwa nthawi yoti inuyo mufike. Si zokongoletsa pepala ayi. Timagawa anthu m'magulu kuti makina oyezera katundu ndi matebulo a za mapasipoti asapanikizike. Mwa zimene ndaona ine, chipwirikiti chenicheni chimakhala kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 1 koloko, chifukwa aliyense amafuna chakudya chamasana akadyere m'sitima. Mukandifunsa, ndikuuzani kuti wofika mzere utaphwa, cha m'ma 1 koloko, amalowa ngati akulowa m'nyumba mwake, n'kupezanso chipinda chitakonzedwa kale. Koma ndikudziwa, munthu walipira ndalama zake, mpunga wamasana sangausiye.

Tsono mbali yoopsa ndi iyi. Nthawi yonyamuka imene mwaiona pa tikiti si nthawi yotseka chitseko. Ife timatseka kalembera ola limodzi ndi theka kapena maola awiri sitima isanamasule zingwe. Mndandanda wa maina a onse amene akwera uyenera kupita kwa oona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, popeza sitimayo ikuwoloka malire. Kenako pali phunziro la chitetezo, lakuti aliyense adziwe malo osonkhanirapo ngozi ikagwa, ndi kavalidwe ka jekete loyandamitsa. Kale phunziroli ankatha kulichita sitima ili kale panyanja. Mu Januwale 2012 sitima ya Costa Concordia inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, anthu 32 n'kufa, pomwe ena amene anali atangokwera kumene anali asanaphunzitsidwe. Kuyambira mu 2015 lamulo la padziko lonse limati phunziroli lichitike sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka.

Komanso kaputeni sangonyamuka mmene wafunira. Doko la Durban lili ndi khomo limodzi, ndipo pakhomo pomwepo pamadutsanso sitima za makontena, za mafuta ndi za magalimoto. Pamafunika katswiri wa padokopo woti akwere kukatsogolera sitima potuluka, ndi maboti amphamvu oikankha ndi kuikoka. Onsewa amakhala atapatsidwa nthawi. Kwathu kondakitala amamenya chitseko cha minibasi, dalaivala n'kuima chifukwa waona munthu akuthamanga ndi thumba. Kuno ngakhale mulire chotani, mlatho wokwerera akauchotsa, wachoka.

Ndinazionapo ndi maso. Banja lina linanyamuka ku Johannesburg kudakali mdima, tsiku lomwelo loti likwere sitima, poganiza kuti makilomita pafupifupi 570 a msewu wa N3 ndi nkhani ya maola asanu ndi limodzi. Lole inagwa pa Van Reenen's Pass, msewu n'kutsekeka. Anafika ife titatseka makompyuta, sitima ikuliza lipenga. Bamboyo anangoima manja ali m'chiuno, kamtsikana kawo katavala kale chipewa cha kunyanja. Ine ndinasowa pothawira maso. Ngati mukuchokera kutali, kaya pa galimoto kaya pa ndege yotera pa King Shaka, makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda, gonani mu Durban dzulo lake. Ndalama ya chipinda cha usiku umodzi ndi yochepa poyerekeza ndi tikiti yopsa.

M'mawa musanatuluke kumene mwagona, yang'anani uthenga pafoni. Mphepo ikakula, doko amalitseka, sitima n'kukhala panja kudikira, ndipo nthawi za tonse zimasunthira kutsogolo. Ndipo inu abale a mapasipoti akwathu, kumbukirani kuti mukutuluka mu South Africa ndipo mudzalowanso. Onani masiku a chilolezo chanu musanalipire.

Mayi aja ndinawapezera mpando pamthunzi, ndipo analowa 11 koloko itadutsa. Pa tebulo langa nditawapempha pasipoti, anandiuza mosadandaula kuti aisunga bwino m'sutikesi, imene anali atapereka kale kwa onyamula katundu. Tinakaifukula pakati pa masutikesi mazanamazana, mwamwayi inali yomangidwa kansalu kofiira pachogwirira. Mankhwala awo a shuga analinso momwemo, chonsecho masutikesi amafika m'zipinda mwina madzulo.