Galu wa Nchito ndi Galu wa Masewera

Masiku ano anyamata ochokera ku Blantyre ndi ku Limbe abwera ndi tiana ta agalu a chizungu, natiuza kuti galu wa makolo athu ali wachabe. Ndipo ena mwa ife ayamba kulingalira zogulitsa mbuzi kuti agule galu wa ubweya wonyezimira. Tisanamasule chingwe cha mbuziyo, tiyeni tifunsane: kodi galu timuwetera chiani?

Ku Ulaya aliko agalu owetedwera masewera okha. M'chaka cha 1926, m'mzinda wa Manchester ku England, anthu anayamba kupikisanitsa agalu a mtundu wa greyhound pa bwalo lozungulira. Agaluwo athamangitsa kalulu wa chidole wokokedwa ndi makina, ndipo mphindi imodzi isanathe liwiro latha. Aliponso agalu oonetsa, monga a pa chionetsero cha Crufts chimene chinayamba mu 1891. Iwo awaweruza poyang'ana ubweya, makutu ndi kaimidwe. Sitiwanyoza ai, koma munda sadziwa kulinda.

Taonani zimene zinachitikira agalu a St Bernard. Amonke okhala pa mpata wa mapiri pakati pa Switzerland ndi Italy, pa mamita 2,469 (ndiko kutsikirapo pa Sapitwa wathu wa mamita 3,002), anaweta agalu ofunafuna apaulendo osokera m'chipale chofewa. Mmodzi wa iwo, dzina lake Barry, anabadwa mu 1800 nafa mu 1814, ndipo mbiri yake iti anapulumutsa anthu oposa 40. Koma pambuyo pake oweta ena anafuna agalu a mutu waukuru ndi thupi lolemera, okondweretsa maso. Dzina linatsala, koma nchito yopulumutsa inapita kwa agalu ena opepuka. Akuluakulu ananena zoona: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga galu wa nchito timzindikira bwanji kuno ku Phalombe? Timzindikira chimanga chikayamba kukhwima, pamene anyani atsika ku Mulanje ndi ku Michesi m'bandakucha, ndi nguluwe zilowa m'munda usiku. Galu woona agona pafupi ndi nkhokwe ndi khola, osati pakhomo pa eni ake ena. Sauwa mwezi kapena mthunzi. Akauwa, mwini nyumba adzuka podziwa kuti kunja kuli kanthu, pakuti galu wamkota sakandira pachabe. Ayenda tsiku lonse padzuwa osalefuka, mapazi ake apirira miyala ndi minga. Alekerera anapiye ndi ana a mbuzi, afatsa ndi ana a m'nyumba, ndipo mbuye wake akaitana kamodzi, abwerera ngakhale ali pa liwiro. Kumvera kumeneku ndiko kuposa zonse, chifukwa galu waukali wosamvera ali tsoka la mudzi ndi gwero la milandu kwa amfumu.

Koma tisadzinyenge: galu wotere sagulidwa pa msika, aleredwa. Amene amana galu wake mkute ndi madzi asadabwe akamuona alikuba mazira. Amene ammanga pa unyolo chaka chonse alera chirombo. Mchotseni nkhupakupa, mphunzitseni akali wamng'ono, ndipo musamtengere ku uzimba m'nkhalango ya phiri, imene boma linaipatula mu 1927. Kusaka m'menemo ndi mlandu, ndipo moto wa alenje uononga mitengo yosunga akasupe athu.

Chotsiriza ndi chachikuru koposa, ndicho chiwewe. Nthendayi ikaonekera mwa munthu iribe mankhwala, ndipo ambiri olumidwa ndi ana. Odziwa za ziweto atsimikiza kuti agalu 7 mwa 10 alionse akalandira katemera, chiwewe chileka kufalikira. Chifukwa chake alangizi a ziweto akalengeza tsiku la katemera, tiyeni tonse tipite ndi agalu athu. Mwana akalumidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nimuthamangire naye ku chipatala tsiku lomwelo, osayembekeza kuti muone ngati galuyo adwala.

Tsono, abale, mbuzi ija ibwerere m'khola. Galu wofiira uja wa nthiti zoonekera, amene agona paphulusa kuseri kwa nyumba yanu, mpatseni chakudya ndi katemera, ndipo pa nyengo yokolola mudzatiuza ngati ali wachabe.