Pulogalamu ya m'sitolo igwire kaye pa kauntala, ndalama zituluke pambuyo

Sitolo ikakula, kope limachepa. Wogulitsa feteleza ndi mankhwala a mbewu pa boma la Dedza kapena pa Chimbiya, amene amakongoza alimi a mbatatesi a ku Bembeke kuti adzabweze akakumba, amafika posowa tsamba lomwe adalembapo dzina la munthu. Apa m'pomwe amaganiza zogula pulogalamu ya pa kompyuta yosunga katundu, mitengo ndi ngongole. Achinyamata odziwa kuipanga alipo, ndipo chida chimodzi chomwe amagwiritsa ntchito ndi Microsoft Access. Pa laputopu ya wopanga zonse zimayenda bwino. Mavuto amayamba tsiku loisamutsira pa kompyuta ya m'sitolo.

Fayilo ya Access siitseguka yokha, imafuna Access pa kompyutapo, ndipo si Office aliyense amabwera nayo. Kampani ya Microsoft imapereka kwaulere mtundu wina wotchedwa Access Runtime. Umalola wogulitsa kulemba malonda, kufufuza ngongole ndi kusindikiza risiti, koma sulola kusintha kapangidwe ka pulogalamuyo. Kwa wa m'sitolo izi n'zokwanira. Wopanga akaika mtengo wa Runtime pa bilu, afunsidwe kuti ndalamayo ndi ya chiyani.

Pali chinthu china chomwe sichioneka ndi maso. Access ilipo mitundu iwiri, ya 32-bit ndi ya 64-bit. Opanga ambiri amatseka ntchito yawo kuti ena asaibe, fayilo n'kusintha kuchoka pa .accdb kukhala .accde, ndipo yotsekedwa pa mtundu umodzi imakana kutseguka pa unzakewo. Choncho wopanga wodziwa ntchito amayamba wafika m'sitolo kudzaona kompyuta asanatseke fayilo. Amene wangotumiza pa WhatsApp n'kunena kuti "mungodina" wasiyira mwini sitolo ntchito yake.

Funso lalikulu kuposa onse ndi lakuti mafayilo ndi angati. Ayenera kukhala awiri. Imodzi ndi nkhope ya pulogalamu, mabatani ndi malo olembapo. Inayo ndi nkhokwe, momwe muli mayina a okongola, matumba otsala ndi malonda a tsiku lililonse. Kufunika kwake kumaoneka pakatha miyezi itatu kapena inayi, wopanga akabwera ndi fulashi yokonza zolakwika. Ngati zonse zili m'fayilo imodzi, yatsopano ikalembedwa pamwamba pa yakale, ngongole zonse zapita, ndipo mlimi amene adatenga matumba asanu mu Disembala sangakumbutse wamalonda. Akakhala awiri, nkhope imasinthidwa kangapo konse nkhokwe osakhudzidwa.

Nkhope imasunga njira yopitira ku nkhokwe. Wopanga akaiwala kuikonza, pulogalamu imafunafuna foda yomwe idatsala pa laputopu yake, n'kungotulutsa uthenga wakuti fayilo siikupezeka, ndipo pa Runtime mwini sitolo sangakonze yekha mosavuta. Sitolo yomwe ili ndi makompyuta awiri, wa pa kauntala ndi wa kosungira katundu, iike nkhope pa aliyense koma nkhokwe pa mmodzi, ndipo alumikizidwe ndi chingwe. Wi-Fi ikaduka pakati polemba, fayilo imatha kuonongeka.

Magetsi a ESCOM akathima mwadzidzidzi zimachitikanso chimodzimodzi. Laputopu ya batire yabwino kapena UPS imapatsa munthu mphindi zotsekera bwino. Potseka sitolo madzulo, nkhokwe ikopedwe pa fulashi, ndipo fulashiyo ikagone kunyumba. Ikatsala m'dirowa, wakuba amanyamula zonse pamodzi. Fayilo ya Access siipitirira 2 GB, mlingo womwe sitolo yaing'ono singafikepo msanga pokhapokha wina atayamba kusungamo zithunzi za katundu.

Madeti nawo amapusitsa. Kompyuta zambiri zimabwera zitatcheredwa monga amalembera ku America, mwezi poyamba tsiku pambuyo. Wogulitsa akalemba 03/04 kutanthauza 3 Epulo, makina amasunga 4 Malichi, ndipo mlimi amaoneka ngati wachedwa kubweza mwezi wathunthu. Izi zimakonzedwa mu Windows momwemo pa mphindi zochepa, bola zionedwe tsiku loyamba.

Pa nkhani ya malipiro, ndi nzeru kusunga gawo lomaliza mpaka pulogalamu itayesedwa pa kompyuta ya m'sitolo, laputopu ya wopanga ili m'chikwama. Mnyamata kapena mtsikana wa pa kauntala ndiye alembe malonda angapo, asindikize risiti pa pulinta ya pomwepo, azimitse makina, ayatsenso, kenaka atsegule zomwe zakopedwa pa fulashi kuti aone ngati zilimo ndithu. Pa pepala la mgwirizano palembedwe kuti pasiwedi ya nkhokwe ndi ya mwini sitolo, komanso kuti adzapatsidwa fayilo yosatseka ya .accdb wopanga akadzasamukira ku Lilongwe kapena ku Joni. Amene adalembetsa msonkho wa VAT akumbukirenso kuti risiti ya pulogalamu yotereyi ndi ya m'sitolo chabe, siilowa m'malo mwa risiti yovomerezedwa ndi MRA.