Bondo la mtsikana wampira litetezedwe lisanavulale

Pa 5 July 2022, kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano wa mpira wa akazi wa maiko a ku Ulaya uyambe ku England, katswiri wa ku Spain, Alexia Putellas, adavulala bondo pokonzekera masewero. Madotolo adapeza kuti mtsempha wa mkati mwa bondo waduka. Mayiyu, yemwe adalandira mphoto ya Ballon d'Or mu 2021 ndi 2022, adakhala miyezi pafupifupi 10 osaponda m'bwalo. Mu April 2023 ngozi yomweyo idagwera Leah Williamson, kaputeni wa England, ndipo mpikisano wa dziko lonse wa chaka chimenecho udamdutsa.

Awa ndi anthu okhala ndi madotolo pafupi. Nanga mtsikana wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga, yemwe bondo lomwelo ndilo limamfikitsa kumunda, kumjigo ndi kunkhuni?

Mtsempha umenewu pa Chipwitikizi amautcha ligamento cruzado anterior. Umalumikiza fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, kuti msongolo usaterereke kutsogolo ndiponso bondo lisapotoke. Ukaduka, ambiri amamva kuti thapu! mkati mwa bondo, kenaka limatupa pa maola ochepa. Kawirikawiri sulumikizana wokha. Opaleshoni yake imafuna madotolo a mafupa a m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, ndipo kubwerera ku mpira kumatenga miyezi 9 mpaka 12.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri amavulala popanda wowagunda. Ngozi imabwera potera kuchokera m'mwamba, poima mwadzidzidzi, kapena pokhota phazi litakanirira pansi. Ofufuza adapeza kuti pa mpira wa miyendo akazi amaduka mtsemphawu kawiri kapena katatu kuposa amuna. Atsikana ambiri amatera miyendo ili chiwongokere, maondo akugwera mkati ngati akufuna kugundana. Minofu ya kumbuyo kwa ntchafu, yomwe imathandiza mtsemphawu kugwira msongolo, imakhalanso yofooka poyerekeza ndi ya kutsogolo. Chilengedwe cha chiuno munthu sangachisinthe, koma kateredwe ndi mphamvu za minofu zimaphunzitsika.

Umboni ulipo. Ku Norway, kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 adatsata atsikana 1,892 a zaka 13 mpaka 17. Matimu omwe ankayamba ndi ndondomeko yotenthetsa thupi ya mphindi 20, yotchedwa FIFA 11+, adachepetsa kuvulala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2012 pa atsikana oposa 4,500 a zaka 12 mpaka 17 adaonetsa kuti mphindi 15 zokha, kawiri pa sabata, zidachepetsa kuduka kwa mtsemphawu ndi 64 pa 100 alionse.

Zochita zake sizilira makina kapena ndalama. Choyamba, osewera athamange pang'onopang'ono, cham'tsogolo, cham'mbali ndi chobwerera m'mbuyo. Kenaka anjute ngati akukhala pampando n'kudzukanso, maondo ataloza kumene kwaloza zala za kumapazi. Aime ndi mwendo umodzi masekondi 30 akuponyerana mpira ndi mnzawo, n'kusintha mwendo. Pofuna kulimbitsa kumbuyo kwa ntchafu, mtsikana agwade, mnzake amgwire akakolo, iye azigwera kutsogolo pang'onopang'ono thupi lili chiwongokere, n'kudzilandira ndi manja. Pomaliza adumphe ndi kutera mofewa, maondo ndi chiuno zitapindika, popanda chididi.

Apa diso la mphunzitsi wa timu ndilo mankhwala. Aime kutsogolo kwa wosewera ndi kuyang'ana bondo. Likagwera mkati, amuimitse ndi kumbwerezetsa. Kudumpha kasanu molongosoka kumaposa kudumpha makumi awiri mwachisawawa. Ndipo zimenezi n'za nyengo yonse ya mpira, chifukwa zikalekedwa phindu lake limatha. Akulu adati kuongola mtengo mpoyamba: mtsikana ayambe akadali pasukulu, thupi lisanazolowere kutera molakwika.

Bwalo nalo lisamalidwe. M'chilimwe nthaka imauma gwa, choncho maenje akwiriridwe ndipo zitsa zizulidwe masewero asanayambe.

Ngozi ikachitika, wosewera atuluke m'bwalo nthawi yomweyo, ngakhale timu ikugonja. Mwendo aukweze, aikepo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, ndipo apite naye kuchipatala. Kulikoka bondo, kulithowa ndi madzi otentha kapena kutemera mphini sikulumikiza mtsempha woduka. Bondo lomagwedera likakakamizidwa kusewera limaononganso chichereŵechereŵe cha mkati, ndipo nyamakazi imabwera munthu akadali wamng'ono.

Makolo ena akamva zotere angaganize zoletsa ana awo aakazi mpira. Komatu Maria de Lurdes Mutola, yemwe adabweretsera Mozambique mendulo ya golide ku Sydney mu 2000, adayambira pa mpira wa miyendo ku Maputo. Chofunika n'kuti kholo lifunse aphunzitsi ngati timu ya mwana wake imapatula mphindi 15 kapena 20 zimenezi mpira usanagundidwe.