Kuyeza Kutentha kwa Kompyuta

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Kafue, kutentha kwa masana kumapitirira madigiri 30, ndipo fumbi la chilimwe limakhala litalowa paliponse. Nyengo imeneyi makompyuta ambiri amayamba kuchedwa, kulira ngati chigayo, kapena kuzima okha ntchito isanasungidwe. Kodi inu mungadziwe bwanji kuti vuto ndi kutentha? Kukhudza ndi dzanja sikukwanira. Monga namwino amayezera thupi la wodwala asanapereke mankhwala, inunso yambani mwayeza.

M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo kotchedwa purosesa, kamene kamachita masamu onse. Magetsi amene kamagwiritsa ntchito amasanduka kutentha, ndipo fani ndiyo imatulutsira kutenthako kunja. Opanga anaikamo kale choyezera chake. Mukhoza kuchiwerenga ndi pulogalamu yaulere monga Core Temp kapena HWMonitor.

Yezani kawiri. Poyamba, siyani kompyuta ili yoyaka kwa mphindi 10 popanda ntchito. Kawirikawiri muyenera kuona madigiri 35 mpaka 50. Kenaka ipatseni ntchito yolemera, monga kukonza vidiyo. Madigiri 70 mpaka 85 asakuopseni. Mapurosesa ambiri a Intel ali ndi malire a madigiri 100, ndipo ambiri a AMD Ryzen amalekezera pa 95. Purosesa ikafika pamenepo imachepetsa liwiro mwadala kuti isapse, ndipo kutentha kukapitirirabe imazimitsa makina onse. Kuchedwa ndi kuzima kuja kumachokera apa.

Tsono manambala mwawapezawo akuuzani chochita. Ngati ali okwera kompyuta isakugwira ntchito, ganizirani fumbi kapena fani imene yaleka kuzungulira. Zimitsani, zulani pulagi, ndipo uzirani fumbi m'timabowo totulukira mpweya. Laputopu musaiike pabedi kapena papilo, chifukwa nsalu imatseka timabowoto. Ngati mwachotsa fumbi koma manambala akuthamangirabe kumalire m'kamphindi kochepa, mwina phala lopititsa kutentha limene amapaka pa purosesa lauma. Limenelo mmisiri angalisinthe pa mtengo wochepa. Koma ngati kompyuta ikuzima ili pa madigiri 60 okha, vuto lili kwina, mwina batire kapena magetsi, ndipo musataye ndalama kugula fani.

Lembani manambala anu mu Juni, nyengo yozizira, ndi kuyezanso mu Okutobala. Mukatero mudzaliona vuto likadali patali.