Beseni limodzi, manja a banja lonse

Mayi wina wa ku Usisya wafunsa kuti: bwanji ana amatsegulabe m'mimba chikhalirecho aliyense amasamba m'manja asanadye kondowole?

Yankho lili m'beseni. Likazungulira banja lonse, bambo amasamba madzi oyera, koma mwana wotsiriza amaviika manja m'litsiro la onse amene amutsogolera. Tizilombo totsegula m'mimba timachokera m'chimbudzi cha munthu, ndipo madzi okha satichotsa bwino. Sopo ndiye amasungunula mafuta apakhungu omwe tizilomboto timakakamirapo. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati wina azithirira mnzake ndi jagi, beseni lizingolandira madzi otsika.

Ndowa ya madzi akumwa nayonso imafuna maso. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera mbee, ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Komatu kapu yomwera ikabwerera m'ndowa, ntchito yonseyo yapita pachabe. Yotungira ikhale ina.

Kusamala kumeneku n'kofunika: kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ndipo Nkhata Bay inali m'gulu la maboma amene anavutika. Ku Usisya, komwe msewu wa ku Mzuzu umavuta nthawi ya dzinja, wodwala angathe madzi m'thupi asanafike kuchipatala chachikulu.