SINGANO ZA KU CHINA NDI BVUTO LA MKODZO LA AMUNA ACIKULIRE

M'komboni ya Nangongwe, ku Kafue, muli madoda ambiri amene anafika m'tauniyo ali anyamata, pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals ndi ya nsalu ya Kafue Textiles zinali kulemba anthu nchito m'zaka za m'ma 1970. Lero imvi ziri mbuu, ndipo ena a iwo ali ndi cinsinsi cimene sacichula ngakhale pamene akhala ndi anzao pa nsolo. Usiku adzuka kanai kapena kasanu kukataya madzi, koma pofika kuseri aima nthawi yaitali, madzi nangodontha pang'ono pang'ono. Munthu wotere akamva wogulitsa m'basi ya ku Lusaka alikutama tiyi wa ku China, kapena akamva za nyumba kumene alasa odwala ndi singano, mtima wace ukopeka msanga, pakuti kumeneko palibe namwino wausinkhu wa mdzukulu wace womufunsa zamanyazi.

Gwero la bvutoli kawirikawiri ndi kaciwalo kamene adotolo akacha prostate. Ali nako ndi amuna okha. Kukula kwace kufanana ndi suku limodzi, ndipo kakhala kunsi kwa cikhodzodzo, kozinga njira imene mkodzo uturukira. Kaciwaloka kagwidwa ndi nthenda zitatu zosiyana. Yoyamba ndiyo kukula kodza ndi ukalamba: mwa amuna a zaka 60, pafupifupi theka prostate yao yakula, ndipo ikakula ifinya njira ija monga munthu aponda paipi ya madzi. Yaciwiri ndiyo kutupa kapena kuwawa kosatha m'cinena ndi pakati pa miyendo, kumene kugwira ngakhale anyamata. Yacitatu ndiyo khansa, imene igwira amuna akuda koposa a mitundu ina. Cobvuta ncakuti nthenda zitatuzi zikhoza kuoneka ndi zizindikiro zofanana, ndiponso khansa ikhala zaka osaonetsa kanthu. Ku Kafue kulinso msampha wina: asodzi ndi onse okulira m'mbali mwa mtsinje adziwa likodzo, kotero kuti mwamuna akaona mwazi mu mkodzo angoti ndi likodzo lakale labweranso, osapita kukapimitsa.

Mankhwala a Acaina si acilendo m'Zambia. Dziko la China lakhala likutumiza magulu a adotolo kuno kuyambira 1978, ndipo cipatala ca Levy Mwanawasa ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 2011, cinamangidwa ndi thandizo lao. Koma nzeru ya singano njakale koposa. Buku lochedwa Huangdi Neijing, lolembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, liphunzitsa kuti m'thupi muyenda mphamvu yochedwa qi, yotsata njira zace monga madzi atsata ngalande za m'dimba, ndipo nthenda idza pamene njira yatsekeka. Sing'anga alasa singano pa malo odziwika, amene lero awerengedwa 361, kuti atsegule njirayo. Adotolo ong'amba thupi sanazipeze njira zimenezi. Cimene apeza ncakuti singano idzutsa mitsempha ndi kucititsa thupi kuturutsa mankhwala ace oletsa ululu.

Mabuku akalewo sachula prostate konse. Achula nthenda ya kutsekeka kwa mkodzo, imene aicha longbi, nanena kuti mwa nkhalamba idza cifukwa moto wa impso wazilala. Komabe eni acewo sanadalire singano pa zonse. Sun Simiao, sing'anga wochuka amene anamwalira m'caka ca 682, analemba kuti mkodzo ukatsekeka, munthu atenge tsamba la anyezi, lija la mphako, alilowetse m'njira ya mkodzo kuti madzi aturuke. Imeneyi ndiyo nchito yomwe kapaipi ka kucipatala kagwira lero.

Amene anaona kutema mphini kapena kulumika ndi nyanga sadzadabwa ndi kulasa kumeneku, ngakhale pali kusiyana: singanoyo njopyapyala ngati tsitsi, mwazi suturuka kwenikweni, ndipo sathiramo mankhwala. Wodwala prostate amlasa m'ciuno, kunsi kwa msana, ndi pamwamba pa kakolo m'kati mwa mwendo, nasiya singanozo monga theka la ora.

Kodi zithandiza? Pa nthenda yaciwiri ija, ya kuwawa kosatha, umboni ulipo ndithu. Mu 2021 magazini ya adotolo ya ku America, Annals of Internal Medicine, inafalitsa zimene zinapezeka m'zipatala 10 za ku China. Anatenga amuna 440 nawagawa pawiri. Theka analasidwa monga mwa mwambo, ka 20 m'masabata 8. Theka lina analasidwa mongonamizira, pamwamba pa khungu ndi pa malo osayenera. Mwa amuna 100 ali onse a gulu loyamba, 61 anapeza bwino. M'gulu laciwiri anapeza bwino 37. Kusiyanaku nkoona, ndipo nkwamtengo wapatali pa nthenda imene mankhwala a Cizungu nawonso ailephera nthawi zambiri. Koma aja 37 nawonso alankhula kanthu: munthu akagona pa bedi, wina namsamalira ndi ulemu, ululu ucepa ngakhale singano yaphonya. Cifukwa cace umboni wa mnansi wakuti anacira sukwanira pa wokha.

Pa nthenda zina ziwirizo nkhani isintha. Palibe umboni wolimba wakuti singano icepetsa prostate imene yakula, ndipo khansa siicotsa konse. Palinso za ukhondo: singano iyenera kuturutsidwa m'pepala lace wodwala akuona, ndi kutayidwa itagwira nchito kamodzi, pakuti singano yobwereza ikhoza kunyamula HIV ndi nthenda ya ciwindi ya hepatitis B.

Za zitsamba zifunika kuzilingalira mofatsa, cifukwa pamenepa mpamene ndalama za penshoni zithera. Kunyoza zitsamba zonse za ku China kungakhale kupusa. Mankhwala a malungo a Coartem, amene mai ali yense wa ku Nangongwe awadziwa, muzu wace ndi citsamba ca ku China. Mai Tu Youyou ndi anzace anapatula mphamvu yace mu 1972, ndipo iye analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Koma citsamba cimeneco cinapimidwa zaka zambiri, ndipo mlingo wace udziwika. Botolo la m'basi silinapimidwe cotero.

Amuna a ku America anaphunzira zimenezi mowawa. Kuyambira 1996 kunagulitsidwa kumeneko mankhwala ochedwa PC-SPES, osakaniza zitsamba 8, zambiri za ku China, ndipo odwala khansa ya prostate anawathamangira cifukwa kupima mwazi kunaonetsa ngati nthenda ikubwerera m'mbuyo. Ena anayamba kutupa mawere, ena mwazi unaundana m'mitsempha. Atawapima, anapezamo mankhwala a Cizungu osalembedwa pa botolo, monga warfarin wosungunula mwazi ndi DES wofanana ndi mphamvu ya m'thupi la akazi, ndipo mu 2002 anacotsedwa pa msika. Ku Brussels, m'dziko la Belgium, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, akazi oposa 100 anaonongeka impso atamwa mankhwala ocepetsa thupi m'mene munalowa citsamba ca Aristolochia. Nkhalamba imene mkodzo wace ubwerera kale m'mbuyo iribe impso zoseweretsa. M'Zambia bungwe la ZAMRA ndilo lipatsidwa mphamvu ndi lamulo la 2013 kuyang'anira mankhwala ogulitsidwa, a zitsamba omwe, ndipo wogula ali ndi ufulu kufunsa ngati botolo linabvomerezedwa.

Coopsa coposa zonse ndico kutaya nthawi. Mwamuna wa ku Nangongwe akhoza kuyamba pa kiliniki ya kwao komweko, kumene adzamtumiza ku cipatala cacikulu ca Kafue, ndipo pakafunika, ku University Teaching Hospital kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ulendo wa makilomita monga 45. Dotolo apima mkodzo, apima mwazi kuyesa cimene acicha PSA, nakhudza prostate ndi cala. Kupima kumene amuna akuopa kwambiriku sikutha ndi mphindi imodzi yomwe. Prostate yokula iri ndi mankhwala ace: tamsulosin amasula njira m'masiku owerengeka, finasteride aicepetsa pang'ono pang'ono m'miyezi 6 kapena kuposa, ndipo zikakanika aipala kudzera m'njira ya mkodzo, osang'amba mimba. Wodwala amene dotolo wampeza ndi kuwawa kosatha kokha, wopanda khansa, akhoza kuyesa singano kwa munthu wophunzira nchitoyo, koma auze dotolo wace tiyi ndi zitsamba zonse zimene akumwa, cifukwa zina zilimbana ndi mankhwala a mtima ndi a shuga.

Tsiku limene mkodzo watsekeka kotheratu, mimba yatupa ndipo ululu wakula, si la singano kapena tiyi ai, ndiponso si loyembekeza kuti kuce. Abale apeze galimoto usiku womwewo, pakuti mkodzo wokhala m'kati ubwerera ku impso, ndipo kapaipi kaikidwa m'mphindi zocepa cabe.